Chinkhwe Chikudzizula Nthenga? Yambani Mwayang'ana Kumutu Kwake

Pansi pa khola pakayamba kupezeka nthenga m'mawa uliwonse, pachifuwa pa chinkhwe n'kumaoneka timanthenga totuwa tamkati kapena khungu lenilenilo, mwini mbalame amagwidwa mantha n'kuthamangira kufuna choletsera. Ena amagula mankhwala owawa opopera pa nthenga, ena amaikalipira mbalameyo, ena amaiveka chinthu m'khosi kuti mlomo usafike pathupi. Njira zonsezi zimalimbana ndi mlomo, pomwe mlomowo wangotumidwa. Chomwe chautuma chingakhale kuyabwa, ululu wamkati, chakudya choperewera, kusowa tulo, mantha, nyengo yofuna kuswa, kapena maola ambirimbiri opanda chochita. Kawirikawiri zimakhala zingapo zitaphatikizana. Muyenera kuzifufuza chimodzichimodzi, mwadongosolo, osalumpha.

Vutoli si lachilendo. Kafukufuku yemwe anafalitsidwa mu 2014, atafunsa eni mbalame ku UK, anapeza kuti mwa zinkhwe 10 zotuwa za ku Africa, zija zamchira wofiira, pafupifupi 4 zinali ndi khalidwe lodzizula nthenga, ndipo za mtundu wa cockatoo zinali chimodzimodzi. Mitundu ya macaw, eclectus, lovebird ndi cockatiel nayonso imachita zimenezi. Kutchire ndi komwe khalidweli silioneka kwenikweni. Choncho likaoneka kwanu, gwero lake lili m'thupi mwa mbalameyo kapena m'nyumba momwe ikukhalamo, ndipo zonsezi ndi zinthu zomwe mungathe kuzifufuza.

Kodi n'kudzizuladi?

Chinkhwe chilichonse chimathothoka nthenga zakale n'kumera zatsopano. Mitundu ing'onoing'ono imachita zimenezi kamodzi kapena kawiri pachaka, pomwe ikuluikulu imasintha pang'onopang'ono, mwina mpaka kupitirira chaka kuti nthenga zonse za m'mapiko zisinthike. Nthenga yothothoka yokha imagwa yathunthu, tsinde lake louma ndi losalala, ndipo mapiko amathothoka mofanana: ikagwa ya kumanja, inzake ya kumanzere imatsatira. Mbalame yothothoka mwachibadwa siichita dazi. Tolani nthenga zakugwazo muziyang'ane powala. Zikakhala zotafunidwa, zodukaduka, zong'ambika m'mbali, kapena patsinde pali magazi, dziwani kuti pagwira mlomo.

Mukatero yang'anani kumutu, chifukwa n'komwe kumakuuzani zambiri. Chinkhwe sichingafikitse mlomo pamutu pake, m'masaya kapena pankhongo. N'chifukwa chake mbalame yodzizula yokha imakhala ndi mutu wa nthenga zonse, wosalala bwino, thupi lokha ndi lomwe limasakazika: pachifuwa, m'ntchafu, kunsi kwa mapiko, nthawi zina pamsana. Ngati dazi lili kumutu ndi m'khosi pomwe thupi lili bwino, ndipo mbalameyo imakhala ndi inzake m'khola limodzi, wozula ndi mnzakeyo. Zipatuleni, koma makola ayandikane kuti zizionana, muone ngati nthenga zibwerera.

Nkhani imakhala ina ngati nthenga zawonongeka kumutu komanso thupi lonse, zatsopano zikumera zopindika, zofupika, zotsinika patsinde, kapena zikugwa zisanakule. Apo ganizirani za matenda a mlomo ndi nthenga omwe madokotala amawatchula mwachidule kuti PBFD. Amayambitsidwa ndi kachilombo ka m'gulu la circovirus, amakonda kugwira mbalame zomwe zisanakhwime, amafala kudzera m'fumbi la nthenga ndi m'zitosi, ndipo alibe mankhwala ochiza. Pali chizindikiro china chomwe anthu amachiphonya. Cockatoo ndi chinkhwe chotuwa zikakhala zathanzi zimatulutsa kaufa koyera kochokera ku nthenga zamkati, kamene kamatuwitsa mlomo ndi zala zanu mukazisisita. Kaufako kakasowa, mlomo n'kumaoneka wakuda monyezimira, pitani kukayezetsa. Mbalame yotereyi ichotseni pafupi ndi zinzake lero lomwe, musadikire zotsatira.

Zomwe sizingadikire mawa

Nthenga yomwe ikukula imakhala ndi magazi mkati mwa tsinde, ndipo ikathyoka imatha kuchucha osaleka. Magazi a mbalame ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Chinkhwe chotuwa cha magalamu 450 chili ndi mamililita ongoyandikira 45, pomwe cockatiel wa magalamu 90 ali ndi osakwana masupuni awiri a tiyi. Timadontho tomwe kwa inu ndi tochepa, kwa mbalameyo ndi tambiri. Ikulungeni m'kathaulo popanda kufinya chifuwa, popeza mbalame imapuma poyendetsa fupa la pachifuwa, ndipo mukalipanikiza imabanika. Thirani fulawa kapena ufa wosalala wa chimanga pomwe pakutuluka magazi, mupanikizepo ndi kansalu koyera kwa mphindi zingapo. Magazi akapanda kusiya, thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Nthenga yaikulu ya m'phiko musayese kuizula nokha, chifukwa inazikika mpaka pafupa.

Chimodzimodzi ngati mbalame yadutsa pa nthenga n'kuyamba kudziluma mnofu, zomwe cockatoo amachita kwambiri pachifuwa. Bala lotere limakula msanga ndipo limatha kupha. Zizindikiro zina zofunika dokotala tsiku lomwelo ndi kukhala pansi pa khola, kufufumitsa nthenga tsiku lonse, mchira kukwera ndi kutsika popuma, kusiya kudya, kusanza, kugwa pakamtengo koterapo, komanso zitosi kusintha mtundu. Zinkhwe zimabisa matenda, chifukwa kutchire mbalame yooneka yofooka ndi yomwe imayamba kugwidwa. Mukamaona kuti yadwala, imakhala itadwala kale masiku angapo.

Dokotala kaye, za maganizo pambuyo

Anthu ambiri amafulumira kunena kuti mbalame yawo yangotopa ndi kukhala yokha. Mwina n'zoona, koma zimenezi munthu amazinena atatsimikiza kuti m'thupi mulibe vuto. Zimandimvetsa chisoni kuona chinkhwe chikuguliridwa zoseweretsa miyezi ingapo pomwe chiwindi chake chikuwonongeka. Funani dokotala wodziwa za mbalame, pakuti si dokotala aliyense wa agalu ndi amphaka amene anazolowera zinkhwe, ndipo palibe cholakwa kufunsa musanapite. Tengani nthenga zakugwa, pepala la pansi pa khola lomwe lili ndi zitosi za tsiku limenelo, zithunzi za khola lonse, kavidiyo koonetsa mbalame ikudzizula ngati munajambula, ndi mndandanda woona wa zomwe imadya. Lembani zomwe imadyadi, osati zomwe mumaika m'mbale.

Dokotala wabwino amaiyeza kulemera, amaona khungu ndi nthenga, amayeza magazi kuti adziwe za chiwindi, impso ndi kashiamu, amayeza zitosi, ndipo angajambule X-ray kapena kutumiza magazi kukafufuza PBFD. Nthawi zina amadula kachidutswa ka khungu kukaunika. Zomwe akufuna n'zambiri. Kwa cockatiel kuli tizilombo ta m'matumbo totchedwa Giardia, tomwe timabweretsa kuyabwa koopsa, moti mbalame imazula nthenga kunsi kwa mapiko uku ikukuwa. Kuli mabakiteriya ndi mafangasi a pakhungu. Kuli matenda a chiwindi, omwe amayabwitsa thupi. Kulinso psittacosis, matenda omwe amatha kugwiranso anthu a m'nyumbamo. Ndipo mbalame ikamazula pamalo amodzi okhaokha, kawirikawiri pansi pa malowo pamakhala pakuwawa: mfundo yotupa, fupa lomwe linathyoka kale, kapena chiwalo chamkati chomwe chikudwala.

Utitiri ndi nsabwe ndi zomwe anthu amayamba kuganizira, koma pa zinkhwe zokhala m'nyumba sizipezeka kawirikawiri. Musathire mankhwala ophera tizilombo mongoganizira.

Zitsulo nazo zimavulaza mwakachetechete. Chinkhwe chimatafuna chilichonse, ndipo waya wokutidwa ndi zinki, timaloko totchipa, matcheni a zoseweretsa ndi tizitsulo tina tonyezimira zimalowetsa zinki m'thupi pang'onopang'ono. Mtovu umapezeka mu penti wakale, m'timiyala tolemeretsa makatani ndi m'zowotcherera zitsulo. Mbalame yomwe yameza zimenezi imafooka, imamwa madzi ambiri, imasanza, mwina kugwa ngati yakhunyu. Mankhwala otulutsa zitsulozi m'thupi alipo, koma amathandiza vuto likadziwika msanga. Chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless steel ndi chomwe chili chodalirika pa mbale, pa zokolekera ndi pa khola lenilenilo.

Onaninso mapiko ngati anadulidwa. Nthenga zodulidwa molakwika zimasiya nsonga zakuthwa zomwe zimabaya m'nthiti phiko likapindidwa, mbalame n'kuyamba kuzitafuna kuti izisalaze, osalekanso. Chinkhwe chotuwa n'cholemera thupi, ndipo chikadulidwa kwambiri chimagwa mwamphamvu n'kung'ambika khungu pafupa la pachifuwa. Zambiri zimayambira pamenepo kudzizula komanso kuopa chilichonse.

Mbale ya chakudya

Chinkhwe chopatsidwa mpendadzuwa ndi mtedza basi chimaoneka chokhuta, koma thupi lake limakhala ndi njala. Mbewu zimenezi zili ndi mafuta ambiri, pomwe vitamini A ndi kashiamu n'zochepa kwambiri. Vitamini A akasowa, khungu limauma n'kumayabwa, nthenga zimafwifwa, mphuno zimatsekeka, ndipo matenda a m'njira yopumira amalowa mosavuta. Mafuta ochulukawo amaunjikana m'chiwindi. Mtedza wosungidwa pachinyontho umachitanso chuku chomwe chimatulutsa poizoni wa aflatoxin.

Madokotala ambiri a mbalame amalangiza kuti gawo lalikulu la chakudya likhale timibulu topangidwira zinkhwe, kuwonjezerapo masamba obiriwira, karoti, dzungu, mbatata yofiira mkati, tsabola wofiira, nyemba zophika bwino ndi zipatso pang'ono. Mpendadzuwa usandulike mphoto yapaderadera. Tsabola musamuope, mbalame sizimva kuwawa kwake. Zoyenera kuopa ndi mapeyala, amene ali ndi poizoni wotchedwa persin yemwe amawononga mtima wa mbalame, komanso chokoleti, khofi, mowa ndi zakudya zamchere wambiri. Musawonjezere mavitamini a m'botolo pamwamba pa timibulu popanda dokotala, chifukwa mavitamini ena akachuluka amavulazanso.

Kusintha chakudya kumafuna kuleza mtima. Chinkhwe chomwe chakula ndi mbewu sichidziwa kuti timibulu n'chakudya, ndipo mitundu ing'onoing'ono imatha kufa ndi njala mbale ili yodzaza. Musaimane chakudya chakale n'cholinga choti njala iikakamize. Perekani chatsopanocho m'mawa pomwe ili ndi njala, chepetsani mbewu pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi, ndipo muzidya masamba omwewo ikuona, chifukwa zinkhwe zimaphunzira chodya poonera zinzake. Gulani sikelo ya magalamu, muziiyeza m'mawa isanadye. Ikamatsika tsiku ndi tsiku, kapena zitosi zikachepa n'kumada, bwererani m'mbuyo. Ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, imbirani dokotala.

Tulo, madzi, mpweya ndi dzuwa

Zinkhwe zambiri zimachokera kumadera komwe usana ndi usiku zimatalika pafupifupi mofanana chaka chonse, ndipo zimafuna maola 10 mpaka 12 a mdima ndi bata. Mbalame yomwe khola lake lili pabalaza pomwe TV imalira mpaka pakati pa usiku, m'mawa n'kudzutsidwa 5 koloko, siikugona mokwanira ngakhale mutaifundika nsalu. Kakhola kena kogonera m'chipinda chachete kamathetsa zimenezi. Cockatiel amakonda kudzidzimuka usiku n'kumadzimenyetsa ku mawaya, choncho musiyireni kanyali kowala pang'ono.

Chinkhwe chotuwa kwawo ndi kunkhalango zamvula za pakati ndi kumadzulo kwa Africa, monga ku Cameroon, Gabon ndi chigwa cha mtsinje wa Congo, komwe chimanyowa pafupipafupi. M'nyumba youma, makamaka ya hita kapena makina oziziritsa mpweya, khungu lake limauma. Muzichisambitsa kangapo pasabata ndi madzi ofunda pang'ono, opanda sopo kapena china chilichonse, m'mawa kuti chiume dzuwa lisanalowe. Popoperani madziwo m'mwamba kuti agwe ngati mvula, osachilozetsa kumaso. Zina zimakonda mbale yosaya, zina kudzigudubuza m'masamba onyowa. Mbalame yonyowa imatanganidwa n'kudzipesa moyenera, ndipo zimenezi n'zomwe mukufuna.

Za mpweya ndinene mosabisa: khola lisakhale m'khitchini. Mapani osamatirira okutidwa ndi PTFE, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la Teflon, akatentha kupitirira madigiri 260 amayamba kutulutsa mpweya wosaoneka womwe umatha kupha mbalame m'mphindi zochepa. Kapumidwe ka mbalame kamakoka zinthu za mumpweya mwamphamvu kuposa kathu. Utsi wa fodya, perefyumu, mankhwala opopera udzudzu, makoyilo, lubani ndi makandulo onunkhira zonse zimayabwitsa khungu ndi kuvulaza mapapo. Wosuta fodya asambe m'manja asanagwire mbalame, popeza zotsalira za fodya pa zala zimapsetsa mapazi ndi khungu lake.

Dzuwa lodutsa pagalasi la windo silithandiza thupi kupanga vitamini D3, chifukwa galasi limatsekereza kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kotchedwa UVB. Popanda vitamini ameneyu kashiamu salowa bwino m'thupi, ndipo zinkhwe zotuwa zimadziwika ndi vuto la kuchepa kwa kashiamu m'magazi mpaka kugwa khunyu. Muziitulutsa mbalame panja ili m'khola lokhoma bwino, mbali ina ya khola ili pamthunzi, inu muli pomwepo kuopa amphaka ndi mbalame zolusa.

Tsiku lalitali lopanda ntchito

Dokotala akanena kuti thupi lili bwino, kapena pomwe mukuchiza zomwe wapeza, yang'anani mmene mbalame yanu imathera tsiku. Chinkhwe chakutchire chimatha maola ambiri tsiku lililonse chikuuluka kupita kumitengo ya zipatso, kusankha, kusenda, kuswa ndi kutafuna, chili pakati pa gulu lomwe limaitanizana kuyambira m'bandakucha. Chapakhomo chimapeza mbale yodzaza pafupi ndi phazi lake, n'kumaliza kudya pasanathe ola. Maola otsalawo mlomo wamphamvu uja, wopangidwira kuswa mtedza wolimba, umasowa chogwira, ndipo chomwe chili pafupi nthawi zonse ndi nthenga.

Izi zinayesedwa. Mu 2003, Cheryl Meehan ndi anzake a ku University of California, Davis anafalitsa zomwe anapeza pa zinkhwe zazing'ono za mtundu wa Amazon. Zomwe zinkavutikira chakudya ndi kukhala m'makola okhala ndi zokwerapo zosiyanasiyana zinasunga nthenga zake, pomwe za m'makola opanda kanthu zinayamba kudziwononga, ndipo zitapatsidwa zinthu zomwezo nthenga zake zinayamba kubwerera. Mu 2008 ofufuza a ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, anapatsa zinkhwe zotuwa zodzizula chakudya m'timapaipi toboola tomwe zinkayenera kugubuduza kuti timibulu tigwe. Nthawi yofunafuna chakudya itakula, nthenga nazo zinakhalako bwino. Pa njira zonse zomwe mwini mbalame angachite ndi manja ake, iyi ndi yomwe ine ndimaidalira kwambiri.

Yambani ndi zosavuta, chifukwa mbalame yomwe sinavutikirepo chakudya imagwa ulesi msanga. Tsiku loyamba phimbani theka la mbale ndi kapepala koyera, ikuona. Ikazolowera kukachotsa, phimbani mbale yonse, kenako mangani pepalalo kuti ichite kung'amba. Gawani chakudya m'timbale tingapo pamalo osiyanasiyana, pamwamba ndi pansi, kuti izikwera ndi kutsika. Kulungani kamtedza kamodzi m'pepala n'kukasomeka pa mawaya. Sakanizani timibulu ndi timitengo todula tomwe singathe kumeza, kuti izifukula. Karoti kapena chimanga chachiwisi muzikoleka chathunthu pachitsulo m'malo mochiduladula. Pakapita masabata, mbale yongodzaza ija isapezekenso, chakudya chambiri chizichokera m'zinthu zofuna khama. Muziyezabe kulemera kwake pa nthawiyi kuti mutsimikize kuti ikudyadi.

Ipatseninso zoti iwononge. Choseweretsa chomwe chakhala chathunthu miyezi itatu sichikugwira ntchito. Makatoni opanda guluu wambiri, mapepala opanda inki yambiri, timatabwa tofewa tosapakidwa mankhwala, nsungwi ndi nthambi zaziwisi za mitengo yodziwika kuti ilibe poizoni, monga apozi, ndi zomwe mlomo umafuna. Nthambizo zikhale zosapoperedwa mankhwala, ndipo muzitsuke. Za mtengo wa peyala ndi oleander, chitsamba cha maluwa chokhala ndi poizoni, musayandikize n'komwe. Yang'anani mmene mbalame yanu imawonongera nthenga, muipatse chofanana nacho: yong'amba nthenga m'litali imakonda masamba ouma a kanjedza ndi mapepala odulidwa mizeremizere, yodula patsinde imakonda timitengo tothyoka kuti tswa. Chenjerani ndi zingwe za thonje zomwe zayamba kumasuka, chifukwa zimakola zala, ndipo ulusi womezedwa umatseka chithokomiro.

Chinkhwe chotuwa chimaopa zinthu zachilendo, ndipo choseweretsa chatsopano choikidwa mwadzidzidzi m'khola chingawonjezere vuto m'malo molichepetsa. Chiikeni kaye patali m'chipindamo, muzichiseweretsa inuyo mbalame ikuona, n'kumachisendeza pafupi tsiku ndi tsiku.

Malo a khola nawonso ali ndi mbali yake. Ofufuza a ku Davis omwe aja anapeza mu 2006 kuti zinkhwe zomwe makola ake anali pafupi ndi chitseko, moyang'anana nacho, zinkadzizula kwambiri kuposa zinzake. Munthu wotulukira mwadzidzidzi amadzidzimutsa mbalame kambirimbiri patsiku. Khola liyedzamire khoma, likhale m'chipinda chomwe anthu amakhalamo masana koma osati panjira, ndipo likhale ndi ngodya yomwe mbalame ingabisale. Khola lalikulu bwanji silingalowe m'malo mwa maola okhala panja, kukupiza mapiko, kukwera, ndi kuuluka ngati chipinda n'chotetezeka. Kuiphunzitsa kwa mphindi 5 kapena 10, monga kugunda kamtengo ndi mlomo kuti ilandire mpendadzuwa umodzi, kumaitopetsa ubongo ndipo kumaipatsa njira yabwino yopezera chidwi chanu.

Mbali yanu

Apa pamavuta kumva, koma n'pofunika. Chinkhwe chimaphunzira msanga zomwe zimakubweretsani pafupi. Chikazula nthenga inu n'kufuula, kuthamangira pakhola ndi kuchinyengerera, mwachilipira. Ngakhale kukalipa ndi malipiro kwa mbalame yomwe yakhala yokha tsiku lonse. Mukachiona chikuzula, musanene kanthu ndipo musachiyang'anitsitse. Dikirani chisiye, chigwire china, ndipo pamenepo ndiye muchiyamikire mokweza. Chabwino koposa n'kuchipatsa chochita nthawi yozulayo isanakwane.

Kuti mudziwe nthawiyo, sungani kabuku kwa masabata awiri. Lembani ola, amene analipo, chomwe chinachitika mbalame isanayambe, ndi chomwe chinatsatira. Ngati mumachokapo masana, siyani foni ikujambula. Yozula mukangotuluka m'chipinda ili ndi nkhawa yosiyidwa, ndipo imathandizidwa mukamaiyankha ndi kalikhweru kamodzimodzi muli kuchipinda china, monga zimachitira pagulu kutchire, komanso mukamaisiyira chakudya chovutikira pochoka. Yozula mukamalankhula pafoni kapena kucheza ndi alendo ikufuna chidwi. Yozula usiku, kapena yosiya kudya mwadzidzidzi n'kudziluma mwaukali, ikumva kuyabwa kapena ululu, ndipo iyenera kubwerera kwa dokotala. Kabukuko kadzakukumbutsaninso zomwe zinasintha vuto litatsala pang'ono kuyamba: kusamuka, khanda, galu watsopano, munthu yemwe inkamukonda kuchoka, ngakhale kusuntha khola.

Ndiye pali nkhani ya kasisitidwe. Pakati pa zinkhwe zazikulu, kugwirana pamsana, kunsi kwa mapiko ndi kuchiuno n'kwa mbalame zokwatirana. Mukamasisita malo amenewa, mbalame imakutengani ngati mwamuna kapena mkazi wake. Imayamba kukubzikulirani chakudya, kuluma anthu ena a m'nyumba, kufunafuna malo amdima, n'kukhumudwa chifukwa zomwe ikuyembekezera sizichitika. Zina zimazula pachifuwa ndi pamimba ngati zokonzekera kufungatira mazira. Sisitani kumutu ndi m'khosi basi. Chotsani timabokosi, timatenti tansalu ndi magalasi oonera nkhope, tsekani kunsi kwa mipando, chepetsani zakudya zofunda zofewa ndi zamafuta, ndipo onjezerani maola a mdima. Cockatiel wamkazi akaikira mazira musawachotse msanga, chifukwa amangoikira ena mpaka kashiamu kumuthera. Asiyeni pafupifupi masabata atatu mpaka atope nawo. Zikakanika, madokotala ali ndi mankhwala ochepetsa mahomoni omwe amayambitsa chilakolako chofuna kuswa.

Kugula chinkhwe chachiwiri kuti chikhale mnzake si mankhwala otsimikizika. Nthawi zina zimagwirizana, nthawi zina zimadana, ndipo mutha kukhala ndi mbalame ziwiri zovutika. Chatsopanocho chiyenera kukhala kwaokha masiku osachepera 30 ndi kuyezedwa matenda chisanayandikire chinzake.

Zoti musachite

Mankhwala owawa opopera sathandiza kwenikweni, ndipo mbalame ikamva chinthu chachilendo pa nthenga imalimbikira kuchichotsa. Mafuta odzola ndi ena alionse onona amamata nthenga, mbalame n'kulephera kusunga kutentha. Mankhwala opaka a anthu okhala ndi steroid, aja ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, ndi oopsa kwambiri kwa mbalame, chifukwa amagwetsa chitetezo cha thupi n'kutsegulira njira matenda a mafangasi m'mapapo. Kumenya khola, kuithira madzi mokwiya kapena kuifundika ngati chilango kumangowonjezera mantha omwe mwina ndi gwero la vutolo. Kolala ya m'khosi ili ndi malo ake pamene mbalame ikudziboola mnofu, koma aike ndi dokotala n'kumayang'anira, popeza imalepheretsa kudya ndi kukwera masiku oyamba, ndipo siichotsa chomwe chikuyabwa. Mankhwala okhazika mtima pansi nawonso alipo, ndipo amaperekedwa ndi dokotala pamodzi ndi kusintha kwa pakhomo, osati m'malo mwake.

Likabwereranso

Zinthu zoopsa monga utsi, zinki ndi kusowa tulo zikonzeni zonse nthawi imodzi. Zina zotsalazo muzisintha chimodzi pa nthawi, n'kudikira masabata angapo, kuti mudziwe chomwe chathandiza komanso kuti mbalame isasokonezeke. Jambulani chithunzi sabata iliyonse, mbali yomweyo ndi kuwala komweko, chifukwa maso oona mbalame tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha kwapang'onopang'ono.

Dziwaninso kuti nthenga yozulidwa ndi muzu imayamba kumera pakapita masabata ochepa, pomwe yongotafunidwa kapena kudulidwa imakhala choncho mpaka nyengo yothothoka itakwana. Mbalame ikhoza kukhala itasiya kale, koma n'kumaonekabe yosakazika kwa miyezi yambiri. Nthawi yovuta kwambiri ndi pomwe timinga ta nthenga zatsopano tikutuluka, chifukwa timayabwa, ndipo mbalame zambiri zimatizula usiku umodzi wokha n'kufafaniza ntchito ya miyezi iwiri. Pa nthawiyi onjezerani kusambitsa ndi zotafuna. Ikazula musataye mtima, pitirizani zomwe munayamba.

Mbalame yomwe yazula kwa zaka imatha kuwononga timabowo momwe nthenga zimamera, ndipo pamalopo sipadzameranso. Chinkhwe chotere chingakhale ndi moyo wabwino zaka zambiri, bola chikudya, chikusewera, chikulankhula ndipo khungu lilibe zilonda. Chitetezeni ku mphepo ndi kuzizira, pakuti chilibe chofunda chake, ndipo musachipereke kwa ena chifukwa cha maonekedwe, popeza kusintha kwa nyumba kumakulitsa vutolo. Kudzizula kukayambiranso patapita nthawi yabata, tsegulani kabuku kaja muone chomwe chasintha m'masabata awiri apitawo, yezani kulemera, ndipo ngati simukupeza chifukwa chooneka, bwererani kwa dokotala. Chomwe chayambitsa ulendo uno chikhoza kukhala chosiyana ndi cha poyamba paja.